Dzina Limene Lufeyo Anafufuta

Senderani kuno, utsi ukupita uko. Nkhani iyi si yakalekale ayi. Anthu ake ambiri akadali moyo, ndipo mukakafika ku Luchenza mukafunsa bwino, alipo amene angakulozereni pomwe zinachitikira. Koma mwini nkhaniyo musakamufunse. Amangoyang'ana pansi.

Kuseri kwa msika, pafupi ndi njanji, panali kashopu kokonzera mawailesi ndi mafoni. Eni ake anali awiri, Batumeyo Chikhwaya ndi Lufeyo Mangulenje. Sanali pachibale, koma ankaitanana achimwene ndi aphwanga mpaka anthu anaiwala zoti anabadwa kosiyana. Batumeyo, wamkuluyo, anagwirapo ntchito ya magetsi ku esiteti ya tiyi. Phewa lake lakumanja linali lotsika chifukwa anagwapo pa polo ali mnyamata, ndipo anali munthu wa mawu ochepa. Lufeyo ndiye anali pakamwa pa shopuyo. Kulandira anthu, kuseka nawo, kukhoma ndi kulumikiza mawaya, zonsezo ankazitha bwino.

Chimene chinawatchukitsa sichinali mawailesi. Ankatola mafiriji akufa n'kuwasandutsa makina oswetsa mazira. M'kati ankaikamo mababu, kafani, thireyi yopendeketsa mazira, ndi kachipangizo kakuda, kakang'ono ngati chikhadabo, ka miyendo khumi ndi isanu ndi itatu. Kameneko ndiko kanali mutu wa makinawo. Koma kachipangizo kotere sikamva Chichewa kapena Chingerezi. Kamamva chilankhulo chotchedwa asembula, chimene umakalamula kanthu kamodzikamodzi ngati ukuphunzitsa mwana kuyenda: tenga nambala iyi, ika apo, yerekeza ndi iyo, dikira, bwerera. Batumeyo anachiphunzira yekha, m'mabuku ong'ambika, ndipo anatha zaka zinayi akulemba pulogalamu ya makinawo.

Pambali pa lamulo lililonse ankaika kadontho ka mchira, kenako n'kulemba m'Chichewa mawu amene makina sawerenga, ongothandiza munthu. Pena ankalemba kuti, "apa dikira, dzira silifulumira." Pena, "ukasintha nambala iyi uphika mazira a eni ake." Ndipo pamwamba penipeni analembapo dzina lake ndi mawu akuti, "Izi n'zaulere. Tenga, konza, gawira mnzako. Dzina lokhali usachotse, kuti zikavuta adziwe womudandaulira."

Atamaliza anakaika fayiloyo m'nkhokwe ina ya pa intaneti, momwe aliyense amalowa n'kutenga mapulogalamu popanda kupempha. Anthu anayamba kutengadi. Mauthenga ankabwera kuchokera ku Mzimba, ku Chipata, ku Milanje, ena m'Chipwitikizi chimene ankachita kukawawerengera munthu wa kumsika.

"Achimwene," Lufeyo ankatero, "nkhokwe yopanda chitseko munaiona kuti? Anthu akutchuka ndi thukuta lanu kwawoko, inu muli phee pano."

Batumeyo ankasenda nachesi lake, chifukwa manachesi ankawakonda kwambiri, n'kuyankha osatukula mutu. "Ine zimene ndikudziwazi ndinazitola m'nkhokwe za anthu amene sindinawaonepo nkhope. Nditseke yanga?"

Mwezi wa Juni, kukuzizira, chibayo chinamugwira. Masiku asanu okha, munthu anapita. Asanapite kuchipatala anamupatsa Lufeyo kakatoni kolembapo mawu achinsinsi olowera m'nkhokwe muja. "Anthu akafunsa muziwayankha, aphwanga, mpaka nditadzuka."

Maliro atatha, Lufeyo ananyamula kompyuta yakale ya malemuyo n'kukaisiya kwa mkazi wake, Enelesi. Anati ndi katundu wa banja. Zoona zake n'zakuti akaiyang'ana mtima unkamuwawa. Koma kope la pulogalamu ija anali nalo pa kompyuta yakeyake.

Mwezi wa Ogasiti kunamveka zoti bungwe lina likukonza chionetsero cha anthu aluso ku Blantyre. Lufeyo anawerenga fomu yake kangapo. Panali funso lakuti, kodi lusoli ndi lanulanu, ndipo silipezeka kwina? Anakhala nalo funsolo masiku atatu. Tsiku lachinayi anatenga kakatoni kaja, analowa m'nkhokwe, nachotsamo fayilo ya Batumeyo. Kenako anatsegula kope lake n'kuyamba kufufuta. Anafufuta dzina. Anafufuta mawu onse a Chichewa a m'mbali aja, chifukwa aliyense wowawerenga akanamva liwu la mwini wake. Ankachita mothamanga, thukuta lili kamukamu, ngati munthu wokolola m'munda mwa eni. Pamwamba analembapo kuti L. Mangulenje.

Mumtima ankadziuza kuti wakufa safuna satifiketi, ndiponso kuti mafiriji onse aja ankakhoma ndi iyeyo.

Anapambana. Anamujambula atanyamula satifiketi, ndipo analankhula pa wailesi mphindi khumi zathunthu osatchulako dzina la Batumeyo. Bungwe lija linamupempha kuti apange makina atatu a gulu la amayi oweta nkhuku kufupi ndi mtsinje wa Thuchila. Atakumana ndi Enelesi pamsika sabata yotsatira, mayiyo anaika dengu lake pansi n'kumupatsa moni wa manja awiri.

"Tinakumvani pa wailesi, alamu. Mumalankhula bwino."

Lufeyo anaseka, napitirira ulendo wake mofulumira.

Zinayamba ndi mpando. Batumeyo anali ndi kampando kake ka miyendo itatu, kamene Lufeyo anakakankhira kunsi kwa tebulo chimwalirireni mwini wake. M'mawa wina potsegula shopu anakapeza katatuluka, katayang'ana ku tebulo, motalikira bwinobwino ngati pakhala munthu. Anakabwezera. Mawa lake anakapezanso panja. Anaganiza kuti mwina pansi m'popendekeka ndipo sitima ikamadutsa kamasuntha, choncho anakamangirira ndi waya ku mwendo wa tebulo. M'mawa mwake waya anaupeza utakulungidwa bwinobwino, utapachikidwa pa msomali pomwe malemu ankapachika mawaya otsala.

Sanauze munthu.

Kenako tsiku lina magetsi anazima kuyambira m'mawa. Dzuwa lili paliwombo, Lufeyo anatambasula dzanja kuti asunthe chowotcherera mawaya, ndipo chinamutentha chala mpaka kutuluka thuza. Anayang'ana pulagi. Inali pansi, yosalumikiza. M'shopu monse munali kafungo ka mtovu wosungunuka, ndi kafungo kena pansi pake, kamene anakazindikira mochedwa: makoko a nachesi, pomwe nyengo ya manachesi inali itatha kalekale.

Satifiketi ija anaipachika pakhoma moyang'anana ndi khomo. Sinkagwa ayi. Koma anthu olowa m'shopu sankaiona. Munthu ankatha kuima pamaso pake penipeni, maso ake n'kungoilumpha ngati pakhomapo palibe kanthu. Ndipo mayi wina wogulitsa mandasi pafupi ndi shopuyo anasiya kulowa. Ankaima pakhomo n'kupereka mandasi atatambasula mkono.

"Bwanji simulowa masiku ano, mayi?"

"Ndisasokoneze," anatero mayiyo, maso ake ali kuseri kwa Lufeyo. Kenako anaphethira, nayang'ananso, n'kuchoka mofulumira.

Tsiku limenelo Lufeyo anafuna kakatoni ka mawu achinsinsi kaja, osadziwa kuti akukafuniranji. M'kabati momwe anakasunga munalibe. Anakhuthula zonse, mpaka mabokosi a zomangira. Kanasowa.

Kumapeto kwa Novembala kunabwera foni kuchokera ku Thuchila. Anali mayi Nachisale, wapampando wa gulu la amayi lija, ndipo sanataye nthawi ndi moni wautali.

"Bambo Mangulenje, lero ndi tsiku la makumi awiri ndi atatu. Palibe mwanapiye ngakhale mmodzi."

Anapita. Makina atatu aja anali m'kanyumba ka njerwa kuseri kwa tchalitchi, ndipo amayi khumi ndi awiri anali atakhala panja pa mphasa. Anali atasonkha mazira mazana awiri ndi makumi anayi, aliyense kulanda nkhuku zake zomwe zikanafungatira zokha. Mayi Nachisale anaswa dzira limodzi pamaso pake. M'kati munali mwanapiye wathunthu, wa nthenga ndi mlomo, atafa mutu uli kolakwika. Anaswa lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu.

Lufeyo anadziwa pomwepo kuti vuto lili m'kachipangizo kaja. Makina a Batumeyo sanachitepo zotere. Koma amayi onse anali akumuyang'ana, munthu wa pa wailesi, ndipo pakamwa pake panayankha pasanafunse mtima.

"Atambala anu ndi ofooka. Komanso mwina mumatsegulatsegula chitseko."

Mayi wina wachikulire anayamba kulira mwakachetechete, chifukwa ndiye anali ndi kiyi wa kanyumbako. Lufeyo anaona misoziyo, nayang'ana kumbali.

Amayiwo sanagwe ulesi. Anasintha atambala, anasonkhanso mazira ena, ndipo kiyi anamulanda mayi uja n'kupatsa wina. Lufeyo anabwerera ku shopu n'kutsegula pulogalamu ija. Anaiyang'ana masiku ambiri. Popanda mawu a m'mbali aja inali ngati msewu wozula zikwangwani zonse: manambala ndi timawu tachidule, mizere mazana asanu ndi limodzi. Ankadziwa kuti pofufuta paja dzanja linapitirira n'kudula china chake chofunika, koma chiti? Pena ankamva ngati wina waima kumbuyo kwake akuwerenga nawo, ndipo akafika pamalo ena ake mpweya wa m'shopumo unkakhala ngati wagwidwa. Akacheuka ankangoona kampando kaja.

Kope lathunthu ankadziwa komwe linali. Linali m'kompyuta yakale ija, kunyumba kwa Enelesi, mtunda woyenda mphindi makumi awiri. Kawiri konse anafika mpaka pa mjigo wa pafupi ndi nyumbayo, n'kubwerera.

Mvula yoyamba itagwa, mazira atsopano aja ali pa tsiku lakhumi ndi chisanu, mayi Nachisale anamuitananso kuti adzaone ngati zonse zili bwino. Anapita, anagwiragwira mawaya, anayang'ana kutentha, nanena kuti zili bwino. Akutuluka, mayiyo anamuperekeza pang'ono.

"Koma mnzanu uja mukamuuze kuti azipereka moni."

"Mnzanga uti, mayi?"

"Amabwera masana uja. Kawiri tsopano. Timangomuona ali kale m'kanyumbamo ataima, akuyang'ana makina, pomwe chitseko tinakhoma. Tinkayesa munamupatsa kiyi wina."

"Ndi wooneka bwanji?"

Mayi Nachisale anatsegula pakamwa, kenako anakwinya nkhope. "Ha, nkhope yake sindikuikumbuka. Ndi wamkulu ndithu. Amaima chopendekeka chonchi." Anatsitsa phewa lakumanja. "Dzulo ndinamufunsa kuti bambo, mazirawa aswa? Sanacheuke. Anangoti, mukawafunse aphwanga."

Lufeyo anatsanzika mawu osamveka bwino, nakwera kabaza woyamba amene anamupeza.

Dzuwa linali litapendeka, mitambo yakuda ikusonkhana cha ku phiri la Mulanje. Njira inkadutsa m'mphepete mwa minda, yopanda anthu. Atayenda pang'ono, wakabaza anayamba kupuma mwamphamvu pamalo oti ndi osalala.

"Akulu, mwanyamula chiyani m'chikwamamo?"

"Zomangira basi."

"Njingayi ikulemera ngati ndakweza awiri."

Patsogolo, pomwe njira imakhota, panaima munthu m'mbali mwa msewu. Anali patali, kuwala kuli kumbuyo kwake, koma kaimidwe kake kanali kopendekeka. Atafika pokhotapo panalibe munthu, udzu wokha. Anayenda mtunda wina, ndipo uyo, waimanso patsogolo pafupi ndi mtengo wa bulugama. Sankayenda, sankakweza dzanja. Ankangodikira, monga amachitira munthu amene wakufunsa funso ndipo sakufulumira. Ulendo wachitatu wakabaza anachepetsa liwiro, nati, "Mwaswera bwanji, bambo," kwa munthu amene Lufeyo sanayerekeze kumuyang'ana. Yankho silinamveke. Wakabazayo anapalasa osalankhulanso mpaka ku Luchenza, ndipo atamutsitsa anatembenuza njinga osayang'ana m'mbuyo.

Lufeyo analowa m'shopu kukadali kowala pang'ono. Anatsegula tsamba la nkhokwe lija pa foni, koyamba chichotsereni fayilo. Malo a fayilo anali opanda kanthu, koma kunsi kwake anthu anali akulembabe. Wa ku Mzimba ankafunsa kuti pulogalamu yapita kuti, kompyuta yake inapsa ndipo akufuna kope lina. Mphunzitsi wina wa ku Chipata anati ana a sukulu yake anayamba kupanga makinawo ndipo aima panjira. Wina anangolemba kuti, "A Chikhwaya, muli bwino kodi? Mwakhala chete." Mauthenga khumi ndi asanu ndi awiri, opanda yankho.

Uthenga womaliza unali wa dzulo lake. Unachokera pa dzina la Batumeyo mwini. Munalibe mawu. Munali kadontho ka mchira kokha, kamene ankayambira nako akafuna kunena kanthu, ndipo kutsogolo kwake kunali mbee.

Lufeyo anakhala akukayang'ana kadonthoko mpaka foni inazima yokha. Mantha analipo, koma chimene chinamukulira sichinali mantha. Akanakonda mzimuwo ukanamukalipira, kumutsamwitsa, kumugwetsera zinthu. Koma unkangomudikira mwaulemu, monga momwe mwini wake ankachitira ali moyo Lufeyo akalumikiza waya molakwika: osanena kanthu, kungoima pambali mpaka wazindikira yekha.

M'mawa kutacha anadutsa pa mjigo paja osaima.

Anapeza Enelesi akusesa pakhonde. Mayiyo anamuyalira mkeka, koma Lufeyo anakhala pansi pa dothi lonyowa, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ndabwera ndi mlandu. Wolakwa ndine."

Ananena zonse. Za fomu, za fayilo, za dzina, za mazira mazana awiri ndi makumi anayi, za mayi wachikulire amene analandidwa kiyi. Za mpando ndi za munthu wa panjira sananene. Polankhula maso ake anali pa nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi lake.

Enelesi anamvetsera tsache lili m'manja. Atatha anati, "Ndinkadziwa, alamu."

Lufeyo anatukula mutu.

"Zaka zinayi munthu akundiwerengera manambala ake pa chakudya, ine osamvapo kanthu, ndiye ndingalephere kuzindikira mwana wa m'nyumba mwanga atavala malaya a eni? Tsiku la wailesi lija ndinakhala pompano. Ndinkati atchula tsopano, atchula tsopano. Mpaka nyimbo inalowa."

"Bwanji simunandifunse?"

"Ndikufunseni chiyani? Inu simunkadziwa?"

Mawu amenewo anamulasa kuposa kutukwana. Mayiyo analowa m'nyumba. Potuluka anali ndi kanthu m'dzanja, nakaika pa mkeka. Kanali kakatoni kaja.

"Ndinakapeza Lamulungu m'thumba la jekete lawo. Jekete limenelo ndinalichapa kawiri chimwalirireni, m'matumba munalibe kanthu." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Sindikufunsani kuti kanafika bwanji. Inunso musandifunse."

Kompyuta ija inali kunsi kwa bedi, yokutidwa ndi chitenje, fumbi lili mbuu. Palibe anaikhudza kuyambira Juni. Anainyamulira pabalaza, nailumikiza, ndipo inalira nthawi yaitali isanayake. Fayilo inali pomwepo. Lufeyo ataitsegula, dzina la Batumeyo linatulukira pamwamba.

"Muwerenge mokweza," anatero Enelesi, atakhala pa mpando manja ali pamiyendo. "Manambalawo ayi. Zinazo, zimene munachotsazo. Ine sindinaziwerengepo."

Anayamba. "Apa tikuyatsa babu. Apa dikira, dzira silifulumira." Mzere ndi mzere, mawu amene anawafufuta ndi dzanja lake ankatuluka pakamwa pake, ndipo m'chipindamo munkamveka ngati mukulankhula munthu wina. "Apa ndinalakwitsa katatu, usaseke." Enelesi anaseka pang'ono, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Cha pakati anaupeza. Unali mzere umodzi waufupi, umene m'kope lake munalibe. Pambali pake panalembedwa kuti, "Tsiku la 18 leka kutembenuza. Mwana akufuna apeze komwe kuli mpweya. Ukamusuntha apa wamupha."

Lufeyo anagwira pakamwa. Makina ake ankapendeketsa mazira mpaka tsiku lomaliza. Ndipo mazira a ku Thuchila anali pa tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi.

"Pitirizani," anatero Enelesi. "Mumalize kaye."

Anawerenga mpaka kumapeto, pa lamulo lotsekera pulogalamu, pomwe iye ankadziwa bwino kuti palibenso china. Koma kunsi kwake kunali mzere wina. Anaima.

"Bwanji?"

"Pali pena apa, alamu. Sindinapaonepo."

"Werengani."

Lufeyo anawerenga. "Enelesi, denga la kukhitchini likudontha pa ngodya ya kumbuyo. Likonzedwa Loweruka."

Panja nkhuku inkatokosa m'zinyalala. Enelesi anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kukhomo la kukhitchini, komwe beseni linali pansi pa ngodya, madzi ali theka.

"Denga limenelo," anatero motsitsa mawu, "layamba kudontha ndi mvula ya sabata yathayi."

Lufeyo analumikiza kompyutayo ndi foni yake, analemba mawu a pa kakatoni aja, nabwezera fayilo m'nkhokwe monga momwe mwini wake anaisiyira. Mzere womaliza wokhawo ndi umene anauchotsa, atafunsa kaye, chifukwa Enelesi anati umenewo ndi wake. Kenako analemba uthenga kwa anthu onse aja. Anaulemba n'kufufuta kanayi, chifukwa ulendo uliwonse unkatuluka wodzikometsera. Womaliza unali wakuti, "A Batumeyo Chikhwaya anamwalira mu Juni. Fayiloyi ndinaichotsa ndine, Lufeyo Mangulenje, ndipo ndinaitcha yanga. Sinali yanga. Ndabweza."

Masana omwewo anali ku Thuchila. Anakonza makina atatu aja amayi akuonerera, ndipo atatha sanathawe. Anaima pakati pa bwalo nawauza kuti atambala awo analibe vuto, ndiponso chitseko sichinatsegulidwe ndi munthu. Anapita kwa mayi wachikulire uja, nagwada. Mayiyo sanamuyang'ane. Anangotambasula dzanja kwa mnzake amene anali ndi kiyi, ndipo kiyiyo anamubwezera.

"Ndiye mnzanu uja ndi amene anapanga makinawa?" anafunsa mayi Nachisale.

"Eya."

"Adzabweranso kuti timuthokoze?"

Lufeyo anayang'ana kanyumba kaja. "Sindikudziwa, mayi. Anatisiya mwezi wa Juni."

Amayi onse anangoti kukamwa yasa. Mmodzi anayamba pemphero chapansipansi, ena n'kumutsatira.

Patapita masiku asanu, anapiye zana limodzi ndi makumi asanu ndi anayi anaswa. Satifiketi ija Lufeyo anaibweza ku bungwe lija ndi kalata, ndipo nkhani inawanda mu Luchenza monse. Ena anasiya kumubweretsera mawailesi. Ena ankati akamudutsa n'kutsokomola.

Koma ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa Loweruka linafika anapiyewo asanaswe. M'mawa wa tsikulo Lufeyo ananyamula lata limodzi, misomali ndi hamala, napita kwa Enelesi. Ali m'njira anakumbukira kuti makwerero waiwala. Koma atazungulira kuseri kwa khitchini anapeza makwerero atatsamira kale pakhoma, pa ngodya yeniyeni yodonthayo.

"Mwachita bwino kubwerekeratu makwerero, alamu," anaitana.

Enelesi anatuluka ndi ndowa m'manja, nayang'ana. "Amenewo ndi a kuno. Amakhala m'khola la mbuzi. Ine sindinawatulutse."

Anayang'anana. Pansi pamenepo panali matope oterera, ndipo mwendo umodzi wa makwererowo unali waufupi, woti munthu sangakwere popanda womugwirira.

"Dikirani ndiike ndowayi ndidzakugwirireni," anatero mayiyo, nalowa m'nyumba.

Lufeyo anaika phazi pa sitepe yoyamba kuti ayese. Makwerero sanagwedezeke. Anakwera yachiwiri, yachitatu, lata lili paphewa. Anali nji, ngati pansipo pali munthu wamphamvu amene wawagwira ndi manja awiri. Atafika pamwamba anamva Enelesi akusuntha mapoto m'kati mwa nyumba, kutali ndi iye.

Sanayang'ane pansi. Anatulutsa msomali m'thumba, nalankhula motsitsa mawu.

"Gwirani choncho, achimwene. Sindichedwa."